Tisanatche tsamba la pa intaneti dzina lachigiriki

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze nkhani imene inatidyera misonkhano itatu m'gulu lathu, chifukwa ndikukhulupirira kuti mipingo, sukulu ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri akukumana nayo masiku ano. Nkhaniyi ndi ya dzina loti gulu lilembetse kukhala keyala ya tsamba lake la pa intaneti.

Ndine mlembi wa gulu la anthu oposa makumi awiri, ambiri mwa iwo amayi, ndipo timakumana ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Timagula mtedza ndi soya kwa alimi a ku Mitundu ndi ku Nsaru n'kumapanga chiponde, nsinjiro ndi ufa wa phala. Ndisanapume pa ntchito ndinkaphunzitsa Chichewa ndi phunziro la Baibulo kusekondale, ndipo abusa ena amene tinkakhala nawo moyandikana anandiphunzitsa zilembo za Chigiriki ndi mawu angapo pakhonde pawo madzulo. Sindingadzitche katswiri, koma liwu lochokera kumeneko likandidutsa pafupi ndimalizindikira.

Chaka chatha, pa chionetsero china cha zamalonda, bambo wina wa ku Lusaka analawa chiponde chathu, anachikonda, ndipo anafunsa kuti tsamba lathu la pa intaneti ndi liti. Tinalibe, moti tinangomulembera nambala ya foni ya msungichuma pa kapepala kong'amba m'kope. Tinabwerako ndi manyazi, ndipo msonkhano wotsatira unagwirizana kuti mwana wa mmodzi wa mamembala athu, mnyamata waulemu amene anamaliza maphunziro a zamakompyuta, atithandize kukonza tsambalo.

Tsiku lomwe tinapangana anabwera ndi laputopu ndi pepala lolembedwa mayina atatu. Loyamba linaphatikiza mawu akuti agro ndi synergy, lachiwiri linayamba ndi kairos, ndipo lachitatu linali ndi mega kutsogolo, bio kumbuyo. Anatifotokozera modekha kuti mayina otere amamveka apamwamba, kuti ogula akunja ndi mabungwe othandiza amawakhulupirira msanga, ndiponso kuti dzina lachichewa lingationetse ngati kagulu ka banki m'khonde. Amayi apampando, amene amadziwa mtedza wokhwima pongougwedeza m'manja, anati, “Tanenanso loyambalo, mwananga.” Mnyamatayo ananenanso. Iwo atayesa kubwereza, chimene chinatuluka ndi “agulosinaji.” Anthu anaseka, iwonso anaseka, koma msungichuma sanaseke. Anangoti dzinalo likumveka ngati mankhwala othira m'chimanga kuti chisafumbwe, ndipo iye sangapatse mwana wake chiponde chotuluka m'botolo lolembedwa chotero. Pa dzina lachiwiri, mayi wina anafunsa ngati tikutsegula tchalitchi cha mneneri. Lachitatu analikana agogo ena a m'gulu lathu, ati likufanana ndi mayina a matenda amene amalengezedwa pa wailesi.

Usiku umenewo, ndikukopera zokambiranazo m'buku la gulu, ndinaona kuti amayi atatu aja, osadziwa n'komwe kuti mawuwo ndi achigiriki, anatchula ndendende malo amene khutu la Mmalawi limakumana ndi mawu otere: pa botolo la mankhwala, pa guwa ndi m'chipatala. Mnyamata yekhayo ndiye ankamvamo ulemerero wa sukulu.

Pa msonkhano wachiwiri amayi apampando anachita chinthu chimene ine ndi uphunzitsi wanga wonse sindinachiganize. Anaimbira foni achimwene awo a ku Mchinji, mlangizi wa zaulimi wopuma amene Chingerezi amachiwerenga bwinobwino, anaika foniyo pa sipika, n'kuuza mnyamata uja kuti atchule dzina loyambalo kamodzi kokha, monga momwe lingatchulidwire pa wailesi, kenako achimwenewo alilembe pa uthenga wa pafoni. Kumbali ija kunamveka, “Mwati chiyani kodi, achemwali?” Atalitchulanso kachiwiri, uthenga unabwera uli ndi i pamene pankafunika y, ndiponso j pamene pankafunika g. Tinayesa anthu ena awiri, ndipo tinalandira kalembedwe kena ndi kena. Kale wogwira ntchito ku positi ofesi ankatha kufikitsa kalata ngakhale keyala itaphonyeka pang'ono, chifukwa ankadziwa anthu a m'dera lake, koma makina alibe chifundo chotero. Chilembo chimodzi chikalakwika, wofuna chipondeyo wafika pakhomo pa munthu wina, kapena sanafike paliponse.

Vutoli silichokera ku umbuli wa wolembayo ayi, koma ku njira imene mawuwa anadzera. Mawu achigiriki ambiri amatifika atavala kalembedwe ka Chingerezi, ndipo kalembedwe kameneko kamawombana ndi kathu. Kwa ife ph ndi wa phiri ndi phala, pamene m'mawu monga pharmacy ndi Sophia amatchulidwa ngati f. Kwa ife ch ndi wa chimanga, pamene mu techno amamveka ngati k. Th wathu ndi wa thobwa, ndipo y wathu ndi wa yankho, sakhala pakati pa s ndi n monga mu synergy. Ndiye munthu amene anaphunzira kulemba zimene akumva, monga Chichewa chimatiphunzitsira kuyambira sitandade 1, akamva dzina lotere amalemba molondola malinga ndi khutu lake, koma molakwika malinga ndi makina. Chondiseketsa n'chakuti pali malo amodzi pamene ife tili pafupi ndi Agiriki kuposa Angerezi. Mu psychology Mngerezi amameza p uja chifukwa lilime lake limakana, pamene Mgiriki amamutchula, ndipo ifenso amene timati nyemba zapsa, kapena kuti bambo apsa mtima, sitivutika naye konse.

Ndisamveke ngati ndikuti Chigiriki n'chachilendo pakamwa pathu, chifukwa chinalowa kale m'nyumba, ndipo chinakhala pamphasa osati pampando wa alendo. Kalata imene mukuwerengayi ili ndi dzina lochokera kumeneko. Liwulo linabwera ndi Apwitikizi amene amati carta, iwo analitenga ku Chilatini, ndipo Chilatini chinalitenga ku liwu lachigiriki lakuti khartes, lotanthauza pepala la gumbwa lolembapo. Ola limene timawerengera nthawi ndi hora wa Agiriki. Makina athu ogayira mtedza akuchokera ku mekhane. Polisi ikuchokera ku polis, mzinda. Tchalitchi chikuchokera ku kyriakon, kutanthauza cha Ambuye, ndipo foni ndi phone, liwu. Sukulu ikuchokera ku skhole, liwu limene poyamba linkatanthauza nthawi yopuma ndi yocheza, ndipo ana anga a fomu 2 ndikawauza zimenezi ankaganiza kuti ndikuwanyoza. Demokalase imene tinaisankha pa riferendamu ya 1993 ndi demos, anthu, ndi kratos, mphamvu. Mneni wakuti kubatiza tinamuweta mpaka tikuti wabatizidwa, abatizana, akabatizitsa mwana, ngati kuti anabadwira ku Nkhoma. Ngakhale mayina athu a ubatizo ali m'gulu lomweli: George ndi mlimi, Irene ndi mtendere, Dorothy ndi mphatso ya Mulungu, Petulo ndi mwala. M'gulu lathu lomweli muli amayi amene ali ndi mayina awiri otanthauza chinthu chimodzi, lina lachigiriki lina lachichewa, ndipo anazidziwa pa umodzi wa misonkhano yathuyi.

Palibe amene amaona kalata, ola kapena makina ngati mawu apamwamba. Tinawatafuna, anafewa, ndipo anasiya kutiopsa. Amene timawapatsa ulemu ndi okhawo amene sitinawatafune, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yanga. Ulemu umene timapereka ku dzina lachigiriki nthawi zambiri si ulemu wa tanthauzo lake, koma ndi ulemu wa kusalimva.

Mmene ulemu umenewu unayambira n'zosavuta kulondola. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, choncho mlaliki akati “m'Chigiriki mawu amenewa akuti,” mpingo wonse umakhala chete, ndipo kuchokera pamenepo Alefa ndi Omega zinakwera pa minibasi ndi pa zitseko za magolosale, pamene agape, rhema, dunamis ndi kairos zinadzaza pa zikwangwani za mapemphero a usiku. Kusukulu maphunziro amene ankalepheretsa ana mayeso anali ndi mayina ochokera komweko, bayoloje, jogalafe, fizikisi. Dr Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri yemweyo amene mu ulamuliro wake Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981 anafuna kuti ana aphunzire Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ife a m'badwo umenewo tinakula tikudziwa kuti munthu wophunzira kwenikweni ndi amene wakhudzako zilankhulo ziwirizo. Kuchipatala nako dokotala amalemba pneumonia pamene ife timati chibayo, anaemia pamene timati kuchepa magazi, asthma pamene timati mphumu. M'malo atatu onsewa wolankhulayo amakhala ataimirira, ife titakhala pansi. N'chifukwa chake mawuwa amabwera ndi ulemu wosakanikirana ndi mantha, ndipo ndikukayika ngati mantha ndi amene munthu amafuna kumva akamasankha chopaka pa buledi wa ana ake.

Chimene abusa aja anandiphunzitsa, chimene sindinachiiwale, n'chakuti kwa eni ake mawuwa ndi a tsiku ndi tsiku. Ku Greece lero liwu lakuti exodos, limene ife timalidziwa ngati buku lachiwiri la Mose, limalembedwa pamwamba pa khomo lotulukira m'sitolo. Liwu limene Akatolika amalidziwa ngati Ukaristia ndi la banja limodzi ndi limene Mgiriki amanena akamathokoza womupatsa madzi akumwa, ndiye kuti zikomo. Kairos, amene alaliki amamumasulira kuti nthawi yoikika, m'Chigiriki cha masiku ano ndi liwu lomwe amafunsira ngati kugwa mvula mawa, monga ife timanenera nyengo. Mega ndi chachikulu, bios ndi moyo. Agiriki sanapite kutali kukabwereka mawu oti awoneke nawo anzeru. Anatola a pakhomo pawo, n'kuwasenzetsa maganizo akuluakulu. Mawu ena, monga telefoni, Agiriki akale sanawadziwe n'komwe. Anawaumba Azungu a zaka za m'ma 1800 polumikiza tele, kutali, ndi phone, liwu, chifukwa ophunzira onse a kwawo ankadziwa zidutswazo ndipo dzinalo linkadzifotokoza lokha. Kwa iwo linali zenera loonekera, pamene kwa wogula wa ku Kawale kapena ku Chinsapo zidutswa zomwezo ndi khoma.

Nditamasulira dzina loyamba lija pa msonkhano, kuti agros ndi munda, syn ndi pamodzi, ergon ndi ntchito, agogo aja anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, “Ndiye kuti aphunzitsi, chinthu chonsechi ndi dima basi?” Anali kunena za mwambo uja wolimira pamodzi munda wa mnzanu, mwini munda ataphika thobwa. Mawu amene anatipinda malilime misonkhano iwiri anali ndi mnzake wa zilembo zinayi m'chilankhulo chathu, ndipo mnyamata uja, amene anakulira m'tauni, anali asanalimvepo.

Funso limeneli makolo athu anakumana nalo kale, ndipo analiyankha mwanzeru kuposa ife. Amene anamasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 ntchitoyo itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi aphunzitsi a kuno, anali ndi Chigiriki patebulo tsiku lililonse, komabe sanachikopere chonse. Apostolos anamutcha mtumwi, euangelion anautcha Uthenga Wabwino, ekklesia m'malo ambiri anautcha mpingo, Apokalypsis anachitcha Chivumbulutso, ndipo logos anangoti Mawu. Pamene anaona kuti liwu lathu silikwanira, anasunga lachigiriki koma analiveka zovala zathu, n'chifukwa chake tili ndi mngelo ndi ubatizo. Akatolika anasunga ena owonjezera, monga Episkopi, koma nawonso anawalemba mmene Mchewa angawatchulire. Mbali zonse ziwiri zinkafunsa funso limodzi lomwe amayi apampando anafunsa ndi foni yawo: kodi womva alitenga liwuli n'kukafika nalo kunyumba? Tikadakhala ndi mtima wa masiku ano, bwenzi tikupemphera m'mawu oti wina aliyense amawalemba mwake.

Pali chinanso chimene osankha dzina amaiwala, chakuti liwu likawoloka malire limakumana ndi mawu a eni dziko, ndipo silidziwa kuti likakumana ndi ati. Pa 28 Okutobala 2021 kampani ya Facebook, imene ilinso mwini wa WhatsApp ndi Instagram, inasintha dzina kukhala Meta, kuchokera ku liwu lachigiriki lotanthauza kuseri kapena kupitirira. Kwa eni akewo linkamveka la m'tsogolo. Kwa ife meta ndi lamulo loti munthu atenge lumo, ndipo kwa Achewa a kuno ku chigawo chapakati kumeta kumakumbutsanso za maliro ndi za kudambwe. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sindikhulupirira kuti ameneyu ankadziwa kuti wabwera nako. Kampani ya chuma chotero ikhoza kupirira kusekedwa m'dziko limodzi, koma gulu la chiponde la ku Area 25 silingathe.

Ndipo liwu lomwelo likhoza kusintha fungo lake m'chaka chimodzi. Pa 31 Meyi 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayamba kutcha mitundu ya kachirombo ka Covid-19 ndi zilembo za Chigiriki, n'cholinga chabwino choti matenda asamatchedwe ndi mayina a mayiko kumene anapezeka koyamba. Zotsatira zake, Delta, chimene ndi chilembo chachinayi chabe mwa zilembo 24 za Agiriki, chinasanduka dzina la maliro amene tinaika chaka chimenecho. Omicron, amene anatchedwa dzinali pa 26 Novembala 2021, amangotanthauza o wamng'ono, mng'ono wake wa Omega amene ndi o wamkulu, koma kwa Mmalawi ndi dzina la nthawi imene Britain ndi America zinatsekera zitseko apaulendo ochokera ku mayiko a kummwera kwa Africa, Malawi ali momwemo. Agogo aja atati dzina lachitatu likumveka ngati matenda sankalankhula zaukalamba. Ankakumbukira zimene wailesi inawaphunzitsa.

Kuti ndisamupondereze mnyamatayo, ndivomereze kuti mfundo zake zinali ndi mutu. Dzina la keyala ya pa intaneti loyamba kulembetsedwa ndi mathero akuti .com, pa 15 Malichi 1985, linali symbolics.com, la kampani ya makompyuta ya ku America, ndipo muzu wake ndi symbolon, chizindikiro, ndiye kuti intaneti inayamba ndi Chigiriki m'kamwa. Zidutswa monga agro, eco ndi bio zimamveka kwa wogula wa ku Nairobi, ku Lisbon ndi ku Berlin mofanana, ndipo amene msika wake uli kumeneko sakulakwa kuzigwiritsa ntchito. Kuno kwathu wailesi ya Zodiak, imene inayamba kuulutsa mawu mu 2005 kuchokera mu mzinda uno, ili ndi dzina lochokera ku liwu lachigiriki lonena za magulu a nyenyezi amene akale ankawaona ngati tinyama, koma mlimi wa ku Dowa amalitchula mosavuta ndipo saliona lachilendo. Chimene ndikuonapo n'chakuti dzinalo ndi lalifupi, limalembedwa pafupifupi mmene limamvekera, ndipo eni ake amalitchula pa mphepo tsiku lonse. Ife tilibe wailesi yoti izitibwerezera dzina m'mawa ndi madzulo. Komanso zitsanzo za mbali inayo zilipo. TNM itafuna dzina la njira yake yotumizira ndalama pafoni inatenga liwu la kumsika lakuti Mpamba, ndipo palibe amene anafunika kulifotokozeredwa. Pulogalamu yoyendetsa makompyuta yotchedwa Ubuntu, imene inatuluka mu 2004, inatenga liwu la abale athu a ku South Africa lofanana ndi umunthu wathu, ndipo akatswiri a makompyuta a mayiko onse anaphunzira kulitchula popanda kudandaula.

Titagwirizana kuti dzina likhale lachichewa tinkayesa kuti tamaliza, koma apa m'pamene panatuluka mavuto athuathu, ndipo ndikufuna owerenga awadziwe asanalipire ndalama. Dzina la keyala ya pa intaneti limalola zilembo, manambala ndi kamzere kapakati, ndipo silingapitirire zilembo 63. Sililola mpata pakati pa mawu, ndiponso sililola kachizindikiro kam'mwamba kaja kamene timalemba mu ng'ombe, m'mudzi ndi sing'anga. Gulu la zovina lofuna kudzitcha ng'oma lidzapezeka litalembetsa ngoma, imene ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Chilembo cha ŵ cha mu Malaŵi anthu ambiri sachipeza pa foni zawo. Kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, moti amene angalembetse mtengo sadzadziwika ngati akugulitsa mbande kapena akulengeza mitengo ya katundu. Tilinso ndi mawu amene anthu amawalemba pawiri, mawu ndi mau, ulere ndi ulele, mavuto ndi mabvuto, malinga ndi chaka chimene munthu anapita kusukulu kapena mbali ya malire imene anakulira. Mayi wina anaganiza zoti tsamba litchedwe ufa wabwino, wina n'kufupikitsa kuti ufa lero posonyeza kuti katundu wathu ndi watsopano, ndipo ambiri anawomba m'manja, kufikira pamene msungichuma analemba mawuwo mophatikiza pabolodi n'kufunsa kuti ndani angagule chakudya kwa anthu amene akumulonjeza kuti amwalira dzuwa lisanalowe. Dima nalo tinalifufuza pansi pa .com, ndipo tinapeza kuti wina analitenga kale, monga zilili ndi mayina afupiafupi pafupifupi onse kumeneko.

Zimenezi zinatikankhira ku .mw, chizindikiro cha dziko lathu pa intaneti, chimene kwa zaka zambiri mayina ake akhala akulembetsedwa kudzera ku bungwe lotchedwa Malawi SDNP, ndipo pansi pake pali .co.mw ya amalonda, .org.mw ya mabungwe, .ac.mw ya sukulu zaukachenjede ndi .gov.mw ya boma. Kumeneko mawu achichewa ambiri akadali opanda mwini, ndipo zilembo ziwirizo zimauza wogula kumene mtedzawo unalimidwa popanda kuwonjezera liwu lina. Ndichenjezeko apa mwachidule kuti dzinali sagula kamodzi ngati njinga. Amachita kulipira nthawi ndi nthawi, kawirikawiri chaka ndi chaka, ndipo liyenera kulembetsedwa m'dzina la gulu, osati la munthu amene wakuthandizani. Sukulu ina ya mkaka ya kufupi ndi kwathu inataya dzina lake chifukwa amene anailembetsera anasamukira ku Johannesburg ndi mawu achinsinsi olowera, nthawi yolipira inadutsa, ndipo zikwangwani ndi timapepala tonse tinatsala tikuloza khomo lotsekeka.

Pa msonkhano wachitatu tinasankha mawu awiri achichewa, opanda kachizindikiro kam'mwamba, opanda l kapena r wokayikitsa, ndipo onse pamodzi ali ndi zilembo 11. Sindilitchula dzinalo pano, kuopa kuti Akonzi munganene kuti ndikutsatsa malonda mwaulere. Amayi apampando anaimbiranso achimwene awo a ku Mchinji, ndipo nthawi ino analitchula okha, kamodzi. Uthenga unabwera uli wolondola chilembo chilichonse, kupatula kuti achimwenewo analemba liwu lakuti kadontho m'malo moika kadonthoko, ndipo zimenezo tinazikonza pomwepo. Mnyamata uja akunenabe mwaulemu kuti tataya ogula a ku Ulaya amene sitinawaonepo, ndipo kairos wamusungira bizinesi yakeyake yokonza makompyuta, kumene mwina amukhala bwino. Tsamba litatsegulidwa, msungichuma anatumiza keyalayo kwa bambo wa ku Lusaka uja. Tinali titakonzeratu chiganizo cha Chingerezi chomasulira dzinalo, koma sichinagwire ntchito, chifukwa ku Lusaka, monganso ku Chipata ndi ku Tete, chilankhulo chathuchi chimamveka pamsika. Anatiyankha m'Chinyanja, anabwereza dzinalo ngati munthu amene walidziwa kalekale, ndipo anafunsa mtengo wa makatoni khumi.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Area 25, Lilongwe